Mmene a Makiyi Anakwerera Pamwamba n'Kulephera Kutsika

A Makiyi anadzitsekerapo m'bafa kwa kasitomala. Mumsewu mwathu nkhaniyi aliyense amaikamba mothira mchere wake, koma zoona zake ndi izi. Anawaitana kukaika loko watsopano pachitseko cha bafa m'nyumba ina ya mpanda. Atamaliza analowa mkati kuti aone ngati akugwira bwino, n'kukankha chitseko, khe! Loko anagwiradi. Makiyi ake ndi chikwama cha zida zinali panja, pampando. Mwini nyumba anali kuntchito, wantchito atapita kumsika.

Wina akanamenya chitseko n'kukuwa. A Makiyi anaganiza kuti akakuwa anthu abwera akuthamanga, ndipo anthu obwera akuthamanga sayamba afunsa kuti mlendo akutani m'bafa mwa eni. Ndiye anangokhala duu, manja pamaondo. Wantchito uja atabwera n'kutsegula, anawapeza atatsuka sinki n'kupukuta galasi, kuti mwina aoneke ngati munthu wotumidwa.

Ndiwo a Makiyi amenewo. Dzina lawo lenileni lili pachiphaso, ife sitilivutikira. Kashopu kawo kali pakati pa saluni ndi wosoka nsapato, kopanikiza moti akatambasula manja amagwira makoma onse awiri. Pakhoma pali misomali yokolekapo makiyi osadula, pabenchi pali makina odulira, tupa, ndi kachitini ka mafuta kamene sikanatherepo chibadwire ine. Ntchitoyi anaphunzira kwa amalume awo, ndipo atsegulira zitseko theka la tauni: azimayi otaya makiyi kumsika, ana asukulu, azibambo otsekeredwa panja ndi akazi awo. M'nyumba zonsezo sanatolemo ngakhale supuni. Akamatsegula loko amakhala ndi lamulo limodzi. Amauza mwini chitseko kuti, "Tayang'anani uko kaye," ndipo sagwira waya mpaka munthuyo atatembenuka.

Koma mantha! Amaopa agalu, amaopa nambala yachilendo pafoni, amaopa yunifolomu iliyonse ngakhale ya mlonda wa kubanki. Choposa zonse amaopa kukayikiridwa. Amalume awo aja anawauza kuti wodula makiyi amadya chifukwa anthu amagona tulo akudziwa kuti iye angathe kulowa koma salowa, ndipo akadzayamba kumuyang'ana cham'mbali, ntchito yatha, mwinanso ndi mano omwe.

Ntchito inayamba kuchepa atatsegula sitolo yaikulu kumsika yodula makiyi munthu ali chiimire. Akazi awo ataona kuti bamboyo akungoswera kupukuta makina, anakaitana mkulu wawo. Alamu amenewa ndi mayi amene ali ndi shopu yotaipa ndi kuchita fotokope, amapangiranso anthu mawebusaiti, ndipo akamanong'ona amamveka kutsidya kwa msewu.

"Alamu," anatero mayiwo atakhala pampando wa makasitomala, "masiku ano munthu akataya kiyi safunsanso aneba. Amafunsa foni. Akalemba kuti wodula makiyi, foni imamubweretsera mayina mondondozana, ndipo amaimbira amene ali pamwamba. Inu muli pati?"

"Ndili pano."

"Pano si mufoni. Mufoni mulibemo. Mwafa, kungoti simunauzidwe."

Anawapangira webusaiti, n'kuikapo chithunzi chawo atavala jekete la ku ukwati. Koma atafufuza pa intaneti anapezeka ali patsamba lakutali, kumene amafikako okhawo amene chala chawaterereka.

"Amasanja mayinawa ndani?" anafunsa a Makiyi.

"Makina."

"Ali ndi ofesi?"

"Ali nayo, koma inu ndi jekete lanulo simungakafikeko."

Kuyambira tsiku limenelo a Makiyi anayamba kuwatchula makinawo kuti abwana osaoneka, ndipo ankatsitsa mawu powatchula.

Alamu anayamba ndi kutsatsa kolipira, kuja dzina lako amaliika pamwamba pa onse koma munthu aliyense akadinapo iwe umalipira. Zimenezi anawafotokozera a Makiyi, koma a Makiyi sanafotokozere akazi awo. Mayiwo anakaonetsa anzawo a kukwaya kuti bambo a kunyumba kwawo ali mufoni. A kukwaya anadina. Anakaonetsa amuna awo, nawonso anadina. Apongozi ankadina m'mawa uliwonse kuti aone ngati mkamwini akadalimo. Ndalama yotsatsira inatha osadulapo kiyi ngakhale mmodzi.

"Chabwino," anatero alamu, "tipita njira yaulere. Abwana anu osaonekawo amakweza munthu amene akuyankha zimene anthu akufunsa. Mukudziwa chimene anthu amafunsa kwambiri? Taonani apa. Ndataya kiyi, nditsegule bwanji chitseko. Muwayankhe basi. Akalephera okha akuimbirani."

Mwatsoka, tsiku lomwelo mayi a saluni anaiwala makiyi awo m'minibasi. Makasitomala anali atafola pakhonde, mitu ili nyankhalala, ndipo mayiwo anafuula kuti, "A Makiyi, tabwerani, anthu akundipsera mtima kuno!" Alamu anadzuka n'kukonza foni kuti ajambule kavidiyo.

A Makiyi anagwada pachitseko, n'kutsegula pakamwa kuti anene zoti anthu ayang'ane uko. Alamu anawadula. "Taonani manjawo, anthuni. Ngati a dokotala. Alamu, munabisa kuti luso lonseli? Fotokozani pang'onopang'ono, dziko limve." Bamboyo chikwatirire anali asanayamikiridwepo ndi munthu wa kuchikazi. Mutu unakula. Anaonetsa kawaya, anaonetsa popinda, anaonetsa polowetsa, anabwerezanso kachiwiri kuti amene sanamvetse amvetse. Chitseko chinatseguka, azimayi anaimba m'manja. M'kavidiyoko chitseko cha saluni chinkaoneka bwinobwino, chachikasu, chojambulidwa mutu wa mayi woluka tsitsi. Ndipo loko wake anali mtundu womwe uja wotchipa umene a Makiyi anaika okha pafupifupi pachitseko chilichonse mumsewu mwathu.

Kavidiyo kanakwera ngati utsi. Pasanapite nthawi, ukalemba za kiyi wotayika, nkhope yoyamba kutuluka inali ya a Makiyi atagwada. Foni inayamba kulira. Akazi awo anagula makatani atsopano. Alamu ankadutsa pashopu n'kufuula kuti, "Muli bwanji a pamwamba?" Bamboyo ankaseka chamanyazi, n'kumayenda mimba ili patsogolo.

Chisangalalo chinatha tsiku limene anaphunzira kuwerenga zimene anthu amalemba pansi pa kavidiyo. Ambiri ankathokoza. Wina analemba kuti, "Zatheka madala, mwatithandiza." Analibe dzina, ndipo pachithunzi chake panali galu. Wina anafunsa kuti, "Nanga wa pachitseko chakumbuyo amatsegukanso chonchi?" A Makiyi anawerenga kawiri. Munthu wotaya kiyi wa kutsogolo angafunirenji chitseko chakumbuyo? Mwina angafune. Mwina. Sabata yomweyo kunamveka kuti kumsewu wa kuseri akuba alowa m'nyumba ya mphunzitsi wina osathyola kanthu. Chitseko anachipeza chotsegula bwinobwino ngati panadutsa mwini wake.

Akazi awo akuti kuyambira pamenepo bamboyo anasiya kudya. Ankangotembenuza chakudya m'mbale. Njinga yamoto ikaima panja ankagwetsa tupa. Tsiku lina mlonda wa kubanki anabwera kudzadulitsa kiyi wa kabati, a Makiyi atangoona malaya abuluu anaimirira n'kutambasula manja onse awiri kutsogolo, mlondayo mpaka anacheuka kuti aone ngati pali wina kumbuyo kwake.

Anathamangira kushopu ya alamu.

"Nditsitseni."

"Mwati bwanji?"

"Nditsitseni pamwambapo. Ndibwezereni kutsamba lakutali lija. Kunali bwino kuja."

"Alamu, anthu amabwera pano atagwira chipewa m'manja kuti ndiwakweze. Wina anandibweretsera nkhuku. Inu ndinu woyamba kudzapempha kugwa."

"Ndaphunzitsa akuba, alamu. Anthu a mumsewu mwathu akadziwa kuti zitseko zawo zonse zili mufoni, ine ndikalowera kuti? Aja sadikira apolisi."

Mayiwo anasiya kuseka. Anafufuta kavidiyoko pawebusaiti, a Makiyi akuyang'ana. Kenako anafufuzanso kuti aone. Nkhope ija inatulukanso, itagwada pachitseko chachikasu. Anthu ena anali atakopera kavidiyoko n'kukaika pamawebusaiti awo, ndipo m'mbali mwake munali zotsatsa za mawaya a m'mawindo, mabelu ochenjeza za akuba ndi agalu olondera. Anthu osawadziwa ankadyerapo pa mantha amene a Makiyi anafesa.

"Fufutaninso pamenepo."

"Pamenepo si panga."

"Uzani abwana osaoneka."

Alamu anatumiza pempho. Yankho linabwera laulemu kwambiri, lothokoza, lolonjeza kuti nkhaniyi aiona. Anadikira. Nkhope inali pompo.

"Kodi anthu akasiya kukaonera kangatsike?"

"Kangatsike."

Ndiye a Makiyi anayamba kufufuza kuti aone ngati katsika. Ankafufuza akadzuka, akadula kiyi, akamwa madzi. Anapempha akazi awo kuti afufuze pafoni yawo, mwina kumeneko katsika. Anabwereka foni ya wosoka nsapato ponamizira kuti akufuna kuona nthawi. Alamu atamva anagwira m'chiuno. "Nanga katsika bwanji inu mukukatsegula tsiku lonse? Amene mukukagwirira pamwamba ndinu!"

Apo bamboyo anaganiza njira yakeyake. Ngati sangachotse phunzirolo, achotsa maloko. Anatenga ndalama ya makatani a kuchipinda, n'kugula maloko olimba, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Zoona sankanena. Ankati, "Aneba, ndimadutsa ndiye ndinamva loko wanu akulira. Watopa ameneyu. Ndikusinthirani ulere." Anthu ankadabwa, chifukwa a Makiyi sanapatsepo munthu ngakhale mphete ya kiyi yaulere, koma chaulere sachifunsa mafunso ambiri. Wosoka nsapato anavomera, anangoti, "Akulu, ngati mwadwala matenda aakulu mutiuze."

Mayi a saluni okha ndi amene anakana. Iwo foni amaimbira ndi kuonera masitayilo a tsitsi basi, kavidiyo kaja anali asanakaonerepo, ankangodziwa kuti aneba awo anajambulitsa zotsatsa.

"Loko wanga alibe vuto."

"Akulira, mayi."

"Akulira chiyani, wafedwa? Munanena nokha pomuika kuti ameneyu adzandikwirira ine. Ndiye munkanama nthawi ija, kapena mukunama lero?"

A Makiyi anayang'ana chitseko chachikasu chija, chimene dziko lonse linkachidziwa kupatula mwini wake. Anafuna kuulula. Koma m'saluni munali azimayi odzaza, makutu ali tcheru pansi pa zoumitsira tsitsi, ndipo nkhani ikalowa m'saluni imatuluka ndi miyendo.

"Ndibweranso mawa."

Mawa linabwera, iwo osapita. Ankafika pakhonde, n'kupereka moni, n'kubwerera. Loko watsopano anakhala m'thumba la jekete mpaka thumbalo linang'ambika.

M'mawa wina ndikupita kukagula buledi ndinapeza anthu ataunjikana pasaluni. Chitseko chinali chotsegula, loko ali bwinobwino, wopanda ndi chikanda chomwe. Mkati munalibe zoumitsira tsitsi, munalibe mawigi, galasi lalikulu atalichotsa pakhoma n'kusiya misomali. Mayi a saluni anali atakhala pasitepe, mpango uli m'manja, osalira, kungoyang'ana pansi. A Makiyi anaima pakhomo la kashopu kawo atagwira chitseko ngati kunja kukuomba mphepo.

Wapolisi anabwera, bambo wamtali wosathamangira kulankhula. Anagwada, anayang'ana loko, anamutembenuza uku ndi uku.

"Pano sanathyole. Analowa ngati kwawo. Ali ndi kiyi wina ndani?"

Anthu onse anacheukira kwa mng'ono wa mayi a saluni, amene amaluka nawo tsitsi, mayi wa ana atatu amene mwamuna anamuthawa. Iyeyu ndi amene ankatsegula m'mawa. Anayamba kulumbira, kutchula Mulungu ndi malemu mayi awo, koma wina kumbuyo anati, "Masiku ano wachibale ndiye woopsa." Mkulu wake sanamuyang'ane n'komwe. Wapolisi anati, "Tiyeni mayi, tikakambirane kuofesi," n'kumugwira pamkono.

"Bwana."

Mawuwo anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana wa mphaka, moti poyamba sitinadziwe kumene achokera. A Makiyi anali atasiya chitseko. Ankabwera foni ili kutsogolo m'manja onse awiri, mpaka anafika pamene panali wapolisi.

"Musiyeni mayiyo, bwana. Chitseko ichi aliyense angatsegule. Ndinaphunzitsa ndine."

Kavidiyo kanayamba. Mumsewu monse munkangomveka mawu a a Makiyi a mufoni, onyada, akuti, "Mukapinda apa, mulowetse chonchi, musafulumire." Anthu anayandikira. Wina anati, "Si loko ngati wanga uyo?" Wosoka nsapato anati, "Ooo! Ndiye kulira kwa maloko kuja n'kumeneku?" Ndinaona bambo wina akuyang'ana pansi ngati akufunafuna mwala. A Makiyi anatsinzina, n'kubisa mutu m'mapewa, kudikira. Wapolisi anasiya mkono wa mayi uja n'kugwira wawo, ndipo ndikhulupirira kuti kanali koyamba m'moyo wawo kuthokoza yunifolomu.

Anaswera kupolisi. Akazi awo anakhala pabenchi panja akupemphera, alamu ali pawindo kufotokozera aliyense wovala chipewa kuti wolakwa ndi intaneti. Mkati, akuti, apolisi anaonera kavidiyoko mobwerezabwereza, wina mpaka anakayesa pachitseko cha kusitolo kwawo. A Makiyi anayankha mafunso onse, anayankhanso ena amene sanafunsidwe. Madzulo wapolisi wamtali uja anawauza kuti wafufuza m'mutu mwake lamulo loletsa zimene anachitazo koma sanalipeze, ndipo azipita, koma asachoke m'tauni. A Makiyi, amene sanachokepo m'tauni chikwatirire, analonjeza ndi mtima wonse.

Wakubayo sanagwidwe mpaka lero. Ngati anaphunzira mufoni kapena anabadwa nalo luso lake, palibe akudziwa, ndipo zimenezi ndi zimene zimawadya a Makiyi kuposa china chilichonse.

Pobwera anazungulira njira yakumbuyo. Atasuzumira pakona anaona gulu la anthu pakhomo la shopu yawo, n'kubisala kuseri kwa khoma. Koma m'manja mwa anthuwo munalibe miyala. Anali aja amene maloko awo anali asanasinthidwe, aliyense akufuna kuyambiridwa. Anawatukwana ndithu, ena mpaka kutchula makolo, koma anawatukwana ali pamzere. Chitseko choyamba chinali chachikasu. A Makiyi anaikapo loko wolimba ndi mpiringidzo wachitsulo, ananyamula galasi la kuchipinda kwa akazi awo n'kukalikhoma pamisomali ija, kenako anapita kwa mng'ono uja n'kugwada pakhomo. Mayiyo anawasiya agwade kaye mpaka atamaliza kuchapa.

Alamu, pofuna kukonza zimene anawononga, analemba tsamba latsopano pawebusaiti, lonena za maloko amene satseguka ndi waya. A Makiyi anawachonderera kuti aliike pansi penipeni. Abwana osaoneka sanamve. Analikweza. Tsopano munthu akaonera kavidiyo koyamba n'kuchita mantha, chotsatira chimene amapeza ndi nkhope yomweyo ikugulitsa mankhwala ake. Anthu akuchokera kumadera akutali, makina odulira sakuzizira, ndipo a Makiyi aonda. Amalandira kasitomala aliyense ngati wabwera ndi samani ya kukhoti. Lamulo lawo lija analikhwimitsa: masiku ano akamatsegula loko, mwini chitseko amatembenuka, foni n'kusiya m'thumba, ndipo ngati pali mwana amamutseka m'maso.

Chimene chikuwasowetsa mtendere panopa ndi manong'onong'o. Kumsika ena akuti bamboyo ndi kathyali, anachita dala, anaopseza tauni yonse kuti agulitse maloko. Nkhaniyi itawafika anakhala tsiku lonse osayatsa makina. Kenako anapita pakhonde la saluni, pamene mayi aja ankapesa kasitomala pagalasi la akazi awo, n'kuima chipewa chili m'manja.

"Aneba, mwamva zimene akunena anthu? Inunso mukuganiza choncho?"

Mayiwo sanasiye kupesa, ndipo sanatsitse mawu.

"A Makiyi, mukanakhala munthu wochenjera, bwenzi nditakuotcherani kashopu kanuko kalekale. Chakupulumutsani n'choti tonse timakudziwani. Tachokani pakhomopo, mukutchinga kuwala."